Mwana akapezeka ndi tsoka ali pasukulu kunja, amaimbira makolo foni ndani?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi wapeza malo payunivesite ina ku England, ndipo funso lawo ndi lalifupi: chinthu chikadzamuchitikira kumeneko, kodi sukuluyo idzawauza? Mayi, imelo yanuyi ndaiwerenga katatu, ndipo ndakhala masiku anayi osayankha, chifukwa mwandigunda pachilonda.

Inenso ndinaphunzira kumeneko, mumzinda wina wa kumpoto kwa England. Pahositelo pathu panali mnyamata wa ku Chipata. Tinadziwana kukhitchini, iye atamva ndikulankhula Chichewa pafoni, n'kungoti, "Achimwene, ndinu a kwathu?" Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse timaphika nsima limodzi, ufa wogula kusitolo ya amwenye, mthiko wake womwe anachoka nawo kwawo. Mu January, nyengo imene kunja kumada pofika 4 koloko masana ndipo aliyense amadzitsekera m'chipinda kukonzekera mayeso, ndinakhala masiku awiri osamuona. Ndinkati akuwerenga. Tsiku lachitatu ndinagogoda, zii. Ndinaimba foni yake, n'kuimva ikulira mkati mwa chipinda. Mlonda atatsegula ndi kiyi wake, anangosuzumira n'kunditsekereza ndi dzanja kuti ndisalowe.

Anthu a ambulansi anabwera, apolisi anabwera. Ine ndinakhala pansi pakhonde, msana kukhoma. Foni ija inali pa tebulo pafupi ndi chitseko, ndipo inayamba kuliranso. Pamene ndinali ndimatha kuona dzina la woimbayo: Amama. Wapolisi anaiyang'ana, anandiyang'ana, n'kuisiya mpaka inaleka. Inalira kanayi ine ndili pomwepo.

Anandiuza kuti ndisauze aliyense, uthenga udzapita m'njira yake: apolisi auza ofesi ya kazembe, ofesi ya kazembe iuza kwawo, kwawoko atuma munthu kubanja. Ndinadikira usiku umodzi. M'mawa mwake mlongo wake anandipeza pa Facebook, akuti mayi sakugona, kodi mwamuonako? Mayi, ine bodza ndinalephera. Ndinapempha nambala ya amalume ake, chifukwa kwathu uthenga wa maliro sumuponyera mayi pafoni ali yekha, ndipo ndinawauza ndine, mnyamata wa zaka 26 wosadziwana nawo n'komwe.

Nanga yunivesite? Ndisanamizire anthu. Panali mayi wina wa kuofesi yoona za ophunzira ochokera kunja amene anabwera n'kukhala nafe mpaka usiku, natipezera chipinda choti tikhaliremo maliro. M'busa wa pasukulupo anabweranso. Anatipatsa nambala ya aphungu oti tikalankhule nawo, ndipo mkulu wa sukulu analemba kalata yopepesa. Koma titafunsa za kunyamula thupi kupita kwawo, nkhope zinasintha. Anati imeneyo ndi nkhani ya banja ndi inshuwalansi. Inshuwalansi analibe. Ndalama ya zaumoyo imene wophunzira amalipira pamodzi ndi viza, yomwe kuyambira mu February 2024 ndi mapaundi 776 pachaka, imamulola kuchiritsidwa m'zipatala za boma za NHS basi. Bokosi ndi ndege mulibemo. Komanso munthu akafa mwadzidzidzi, nkhani imapita kwa coroner, mkulu wofufuza za imfa, ndipo thupi silingatuluke m'dzikomo iye asanalole. Tinadikira masabata. M'masabata amenewo tinayenda m'matchalitchi, a ku Zambia, a ku Malawi, a ku Zimbabwe, anamwino ogwira usiku akuponya chipepeso chawo, mpaka mapaundi masauzande angapo onyamulira thupi anakwana. Thupi lisananyamuke, banja linatitumizira kalata imene inafika kuimelo yawo, yokumbutsa kuti ndalama za hositelo za teremu imeneyo sizinalipidwe. Akuti inangodzituma yokha kuchokera pakompyuta. Anapepesa. Ine mpaka lero ndikaikumbukira mtima umawawa.

Ndiye ndikuuzeni mosabisa. Sukulu zimenezi zimadziwa bwino kwambiri kuwerengera ana athu pa nkhani ya fizi ndi viza. Mwana akasiya kupezeka m'kalasi amalembedwa, ndipo sukulu ikamuchotsa m'kaundula imauza a Home Office, unduna wa boma woona za maviza, pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, viza n'kudulidwa, kawirikawiri n'kupatsidwa masiku 60 oti achoke. Makina amenewo sagona. Koma makina oti mwana wasowa masiku awiri, tiyeni tikagogode, m'malo ambiri kulibe. Ndipo chifukwa ana athu amadziwa za viza ija, akadwala maganizo amabisa, kuopa kuti akanena ataya zonse zimene makolo anagulitsira munda. Wophunzira wochokera kunja amalipira fizi yochuluka kuposa mwana wa m'dzikomo. Sindivomereza kuti amene walandira ndalama zotere azinena kuti thupi ndi nkhani ya banja. Ayi.

Pali china chimene makolo ambiri sadziwa. Mwana akakwana zaka 18, kumeneko amamutenga ngati wamkulu, ndipo malamulo a zinsinsi za munthu amachititsa kuti sukulu izizengereza kuuza makolo za matenda ake. Inu amene mukulipira mukhoza kuimba foni, iwo n'kukana ngakhale kutsimikiza kuti mwanayo amaphunzira pamenepo. Yunivesite ya Bristol, itataya ophunzira angapo odzipha, mu 2018 inayamba kufunsa wophunzira aliyense polembetsa ngati akulola kuti sukulu idzaimbire munthu amene wamusankha ikadzaona kuti zinthu sizili bwino. Oposa 90 mwa ophunzira 100 aliwonse anavomera. Ana amafuna kuti wina auzidwe, bola awafunse. Sukulu zina zinatengerapo, koma si zonse zimachita mofanana.

Ndikamalemba izi ndikukumbukiranso za ku Ukraine. Nkhondo itayamba pa 24 February 2022, ophunzira mazanamazana a ku Africa ndi ku India anatsekeredwa mumzinda wa Sumy, pafupi ndi malire a Russia, pafupifupi masabata awiri, ena akusungunula chipale kuti apeze madzi akumwa, mpaka mabasi anawatulutsa pa 8 March. Amene dziko linamva mawu awo anali ophunzirawo eni ake, pamafoni awo. Kumalire a Poland, ambiri akuda ananena kuti ankawabweza kumbuyo kwa mzere. Ndiye pali Lemekani Nyirenda wa ku Zambia, wa zaka 23, amene anapita ku Moscow kukaphunzira za nyukiliya, n'kumangidwa, n'kukafera kunkhondo ku Ukraine mu September 2022. Boma la Zambia linalengeza za imfayo mu November, thupi n'kufika ku Lusaka mu December. Nkhani yake ndi yosiyana, inde, poti anali m'ndende osati m'kalasi. Koma taganizani masabata onsewo, banja likuti mwana ali moyo.

Ndiye muchite chiyani, mayi?

Asananyamuke mukhale naye pansi. Akafika, pafomu yolembetsa alembe dzina la munthu woti aimbiridwe pangozi, ndipo avomere molemba kuti sukulu ikhoza kukuuzani za thanzi lake. Alembe awiri: inu, ndi wina wokhala ku Britain komweko amene angafike pachipatala tsiku lomwelo. Mugule inshuwalansi, ndipo muwerenge nokha ngati muli mawu onena za kubweza wodwala kapena thupi kumudzi. Ndikudziwa kuti kwathu kukamba zimenezi kumaoneka ngati kulodza mwana, komabe werengani. Akadziwitse ofesi ya kazembe wa Malawi ku London kuti alipo. Pangozi nambala ndi 999. Ndipo mumuuze kuti akadzadwala, kaya m'thupi kaya m'maganizo, akanene kuofesi ya ophunzira ochokera kunja msanga, asanayambe kujomba, chifukwa pali njira zopumira kaye maphunziro ndipo iwo ndi amene angamuuze mmene zingakhudzire viza yake.

Koma choposa zonsezi, pakatha mwezi mudzamufunse nambala ya mnzake mmodzi wa pahositelo, amene amadya naye. Muziimbira mnzakeyo nthawi zina, muzimupatsa moni, adziwe mawu anu. Mayi a ku Chipata aja akanakhala ndi nambala yanga, akanandiimbira tsiku loyamba lomwelo foni itapanda kuyankhidwa, ndipo ine ndikanagogoda Lachiwiri, osati Lachinayi.