Achemwali a ku Matawale, si umbuli wanu ayi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Matawale amene amagulitsa kaunjika. Akuti chigulireni foni ina, app ya banki yawo ikungozungulira osatseguka, ndipo tsiku limene yatseguka imakana kuwalowetsa. Kumapeto analemba kuti, "Mwina ndi umbuli wanga, paja sukulu sindinapite nayo patali." Mawu omalizawa ndi amene andikhazika pansi usiku uno.

Achemwali, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndi zanga.

Chaka chatha m'nyengo ya mvula, mayi anga anadwala usiku kumudzi ku Jali. Mlongo wanga anaimba kusanache kuti pakufunika ndalama ya galimoto yobwera nawo kuchipatala kuno kutauni. Ndalama inalipo, malipiro anali atangolowa kumene. Magetsi kwathu ku Chikanda anali atazima chadzulo lake, foni inathima, ndipo ndinali nditachotsa batire n'kukaitchajitsa kwa neba amene ali ndi sola. Ndinatsegula app. Kanthu kaja kanayamba kuzungulira. Ndinatseka, kutsegulanso, chimodzimodzi. Ndinatuluka panja pamvula kusaka netiweki, ndinagula bandulo ina poganiza kuti yatha, osatheka. Uku mlongo wanga akungoimba, ndikumva mayi akubuula chapatali. Sindidziwa ngati munayamba mwaumvapo ululu woti ndalama yako ukuidziwa kuti ilipo, thukuta lako, koma sungathe kuikhudza pa ola limene mayi ako akuifuna. Anandipulumutsa ndi neba yemwe uja, amene anatumiza yake ya pafoni osafunsa kuti ndibweza liti.

Kutacha ndinakwera kabaza wa kubanki. Amene amakhala mu Zomba akudziwa mmene mzere umakhalira kumapeto kwa mwezi: aphunzitsi ochokera ku Domasi ndi ku Thondwe, apolisi, asilikali a ku Cobbe Barracks, ana a ku Chanco, agogo odzatenga penshoni, tonse khomo limodzi. Ndili pamzerepo mnyamata wina wovala bwino anandiyandikira, akuti, "Bigi, ndi app? Bweretsani ndikukonzereni, mungondiuza nambala yachinsinsi." Ndinatsala pang'ono kumupatsa. Ndikunena zoona. Munthu ukapanikizika nzeru zimathawa, ndipo anthu otere amadziwa kuwerenga nkhope ya munthu wopanikizika.

Patatha maola awiri ndinafika pa tebulo la mtsikana wothandiza makasitomala. Anaitenga foni, kuyang'ana, n'kundionetsa pamwamba. Tsiku linali lolakwika. Pochotsa batire paja, foni inabwerera ku chaka chimene inapangidwa, ndipo poti sindinaitchere kuti izitenga yokha nthawi kuchokera ku netiweki, inangokhala pomwepo. Anakonza tsiku, app inatseguka nthawi yomweyo. Pambuyo pake ndinafufuza chifukwa chake. App isanalankhule ndi kompyuta za kubanki, imayamba yaona chiphaso cha chitetezo cha bankiyo, ndipo chiphasocho chili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Foni ikamati tili chaka china, chiphasocho chimaoneka ngati chosayamba kugwira ntchito kapena chotha kale, ndiye app imakana kupitirira. Imachita zimenezi pofuna kuteteza ndalama zanu. Ndi chinthu chabwino ndithu. Chimene chimandiwawa n'choti siinena.

Apa ndiye pagona mkwiyo wanga. Mabanki amatiuza tsiku ndi tsiku pawailesi kuti tisamavutike ndi mizere, tizingogwiritsa ntchito foni. Chabwino. Koma zikavuta, uthenga umene umabwera ndi wa Chingerezi, ndipo ngakhale amene Chingerezi amachimva saphulapo kanthu, chifukwa umangoti chinachake chalakwika, yesaninso. Chalakwika n'chiyani? Kodi chingavute n'chiyani kulemba m'Chichewa kuti "onani tsiku pa foni yanu" kapena "bandulo yanu si ya intaneti yonse"? Amene amapanga zinthuzi amaziyesera pa foni zodula, muofesi momwe intaneti siduka. Makasitomala awo ambiri tili ndi itel kapena Tecno yodzaza ndi zithunzi za ukwati ndi mavidiyo a kwaya, netiweki yake yoti ukangolowa kuseri kwa phiri yathawa. Ndiye mayi amene amadzuka m'mamawa kukatsegula belo, amene amawerengera phindu lake pamtima osaphonya ngakhale kwacha imodzi, azidziyesa mbuli chifukwa cha kanthu kozungulira? Ayi, zimenezo ndikukana.

Ndipo manyazi amenewa ndi amene amadyetsa akuba. Munthu akadziona ngati sadziwa, amapereka foni kwa aliyense wooneka wodziwa. Tonse tinalandirapo uthenga uja woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", ndipo ambiri tinauzolowera. Koma alipo ena amaimba mwaulemu, kudzitchula kuti ndi a kubanki, kunena kuti akaunti yanu yatsekedwa ndipo muwawerengere manambala amene angolowa pa foni yanu. Manambala amenewo ndi kiyi wa nyumba yanu. Wogwira ntchito kubanki weniweni safunsa nambala yachinsinsi, kaya pafoni kaya pamaso. Azakhali anga anaberedwa ndalama ya feteleza mwa njira yomweyi, ndipo anakhala mwezi wathunthu osauza munthu, kuopa kusekedwa.

Tsono za foni yanu

Poti vuto layamba mutasintha foni, ndikukayikira zinthu ziwiri. Choyamba, mabanki ambiri akaona foni yachilendo amatumiza manambala otsimikizira ku nambala imene munalembetsa potsegula akaunti. Ngati simukhadi imeneyo inatsala m'foni yakale, kapena munasintha nambala osawauza, simulowa ngakhale mutayesa kangati. Chachiwiri ndi bandulo. Ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha sitsegula app ya banki, ngakhale mauthenga akulowa bwinobwino. Gulani ya intaneti yonse, ngakhale ya tsiku limodzi, muyesere.

Zikakanika, lowani mu Settings muone tsiku ndi nthawi, mutchere kuti zizisintha zokha. Ngati ana anaikamo VPN, app ija yodutsitsa intaneti yanu njira ina, izimitseni. Pitani pa Play Store muone ngati app ikufuna yatsopano, ndipo ngati mwachita kutumiziridwa ndi mnzanu kuchokera pa foni yake, ichotseni muike yochokera pa Play Store pomwepo. Foni ikadzaza fufutani mavidiyo ena, kenako pa app yomweyo mu Settings dinani Clear cache, muzimitse foni n'kuyatsanso. Nambala yachinsinsi ikakanidwa kawiri, lekani. Kawirikawiri ukalakwitsa katatu amatseka, ndipo apo ndiye ulendo wa kubanki sungalephereke. Tsiku la malipiro nthawi zina vuto limakhala kwawo komweko chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, ndiye funsani mnzanu wa banki yomweyo ngati yake ikutseguka.

Mukapita kubankiko mutenge chiphaso cha unzika, foni ndi simukhadi ija, ndipo musapite kumapeto kwa mwezi ngati n'kotheka. Mukafika musatuluke musanalembetse njira ija yoimba manambala oyamba ndi nyenyezi, monga *626# ya National Bank, mabanki enanso ali ndi zawo. Imeneyo sifuna intaneti, imagwira ngakhale pa kafoni ka mabatani. Ine ndikanakhala nayo m'mawa uja, sindikanagogoda kwa neba mvula ili pamsana. Mundilembere mundiuze kuti chinali chiti mwa zimenezi.