Mwana wanga akumwa Largactil, kodi timusiyitse?

Mayi wina wandilembera imelo yokhudza mwana wawo wamwamuna, amene madokotala anamupeza ndi matenda a maganizo otchedwa schizophrenia. Akumwa chlorpromazine, amene ambiri timawadziwa ndi dzina loti Largactil. Mawu amene ankamva m'mutu aja anasiya, koma tsopano amangogona, manja amanjenjemera, thupi linauma. Achibale akuti mankhwalawo ndi akalekale, akumupha pang'onopang'ono, asiye. Mayiwa akufunsa ngati achibalewo akunena zoona.

Amayi, musamusiyitse nokha. Munthu akasiya mankhwalawa mwadzidzidzi, kawirikawiri matenda amabwerera, ndipo nthawi zina amabwera mwamphamvu kuposa poyamba. Koma musangokhalanso chete. Zimene mukuonazo ndi zotsatira zodziwika za mankhwalawa, ndipo achipatala ali ndi njira zozichepetsera.

Zoti ndi akale n'zoona. Anapangidwa ku France mu 1950 ndi Paul Charpentier wa kampani ya Rhône-Poulenc, ndipo mu 1952 madokotala Jean Delay ndi Pierre Deniker anayamba kupatsa odwala awo pachipatala cha Sainte-Anne ku Paris. Asanabwere mankhwalawa, odwala ambiri ankangotsekeredwa m'zipatala zaka zambirimbiri. Ukale wake si vuto. Panado nayenso si wadzulo.

Mu ubongo muli kemikolo yotchedwa dopamine, imene imanyamula mauthenga. Chlorpromazine amatchinga malo amene dopamine amafikira, ndiye mawu aja ndi maganizo oti anthu akumulondalonda zimazilala. Tsoka lake n'lakuti dopamine yemweyo ndi amene amathandiza kuti minofu iziyenda bwino. Mukamutchinga kuno, mwamutchinganso uko. N'chifukwa chake manja amanjenjemera, munthu amayenda mokoka mapazi, ena malovu amangotayika. Ena khosi limapindika, maso n'kutembenukira kumwamba. Izi zimaopsa kwambiri, ndipo kumudzi zimathamangitsira anthu kwa sing'anga, pomwe ku chipatala amazithetsa mosavuta.

Pitani naye kumene amalandira mankhwala, kaya ku chipatala cha boma lanu, ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God, ndipo mukafotokoze zonse mmene mwandifotokozera ine. Ambiri akafika pamaso pa dokotala amangoti "ali bwino" chifukwa wasiya kuvuta anthu. Kusiya kuvuta sikokwanira: mwana wanu ayenera kumatha kudzuka, kusamba, kupita kumunda kapena kuntchito. Dokotala angachepetse mlingo, angasinthe kuti wambiri azimwa usiku, angawonjezere benzhexol, amene ena amati Artane, wochepetsa kuuma ndi kunjenjemera, kapena angasinthe mankhwala. Ingodziwani kuti mankhwala ena a matendawa otchedwa haloperidol sagonetsa kwambiri koma amaumitsa thupi kuposa chlorpromazine, ndipo atsopano ngati olanzapine amanenepetsa ndi kukweza shuga. Palibe amene alibe pake.

Pakhomo pali zing'onozing'ono zoti muchite. Azidzuka pang'onopang'ono, chifukwa mankhwalawa amatsitsa BP munthu akaimirira mwadzidzidzi, ndipo angagwe. Khungu limapsa msanga padzuwa, choncho chipewa ndi malaya a manja aatali n'zofunika, makamaka mu Okutobala. Azimwa madzi okwanira, chifukwa m'kamwa mumauma ndipo ena amadzimbidwa. Mowa ndi chamba ayi.

Ngati mutaona milomo ikungotafuna yokha kapena lilime likutuluka mosafuna, mukanene msanga, chifukwa zimenezo zikakhalitsa kawirikawiri sizimatha. Koma akatentha thupi kwambiri, minofu n'kuuma gwa, thukuta kamukamu, n'kuyamba kusokonezeka, musadikire tsiku la kiliniki. Pitani naye ku chipatala nthawi yomweyo, mutanyamula mankhwala ake ndi buku lake lachipatala.