Mwana akungotola mpira ndi manja, titani?

Mayi wina watilembera imelo. Ali ndi mwana wamkazi wa zaka ziwiri ndi theka, ndipo bambo a mwanayo, sapota wa Bullets wotheratu, anamugulira mpira kuti ayambe msanga. Koma mwanayo amangoutola n'kuthawa nawo, akamulanda amalira, ndipo mphindi zisanu sizikwana asanayambe kuthamangitsa nkhuku. Afunsa kuti: "Tikulakwitsa pati, kapena mwanayu mpira sakuufuna?"

Mayi, mwanayo alibe vuto. Kuti munthu amenye mpira amayenera kuima ndi mwendo umodzi kwa kanthawi, ndipo ana ambiri amayamba kutha zimenezi bwino akamayandikira zaka zitatu. Wa zaka ziwiri amangougunda mpira uku akuyenda, kenako manja amafulumira chifukwa ndi amene amawadalira. Musamuletse. Kutola, kuponya ndi kuthamangira mpira ndi mmene akuphunzirira kuyeza liwiro lake. Mawu oti "wagwira, faulo!" asungeni mpaka adzafike sitandade 1.

Chinthu choyamba kuchiona ndi mpirawo. Ngati bambo anagula wa saizi 5, umene amasewera mu Super League, ndi wolemera magalamu 410 mpaka 450, ndipo kwa mwana wa msinkhu uwu umafika pafupi ndi bondo. Akaumenya chala chimapweteka, mpira osasuntha, iye n'kugwa ulesi. Pezani wa saizi 1 kapena 2, kapena wa pulasitiki wopepuka wa pamsika. Ngati ndi wopopa, uphwetseni pang'ono mpaka chala chanu chachikulu chizilowa mukausindikiza, kuti usamathawe kutali pabwalo louma. Chikulunga nachonso ndi chabwino kwambiri, popeza sichidumpha ndipo chimaima msanga. Chimangofunika kuchikulunga ndi nsalu kapena sokosi yakale pamwamba, chifukwa mwana wotere amasolola zidutswa za jumbo ndi zingwe n'kuika mkamwa.

Za nsapato musavutike. Pabwalo losesedwa bwino, lopanda minga, misomali ndi magalasi, kusewera osavala nsapato n'kwabwino kuposa patapata amene amavuka n'kumugwetsa. Sewererani kutali ndi mbaula, chitsime, ndowa ya madzi ndi msewu, chifukwa mpira ukagubuduzika mwana amatsatira osayang'ana kwina. Nthawi yabwino ndi m'mawa kapena dzuwa litapendeka, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, madzi akumwa ali pafupi.

Tsono masewerawo. Tengani mabotolo asanu opanda kanthu a pulasitiki, thiranimo mchenga pang'ono kuti mphepo isawagwetse, ndipo muwaimike pamzere. Mwana aime mapazi anu awiri okha kuchokera pamabotolowo, mpira uli chiimire patsogolo pa phazi lake. Akagwetsa ngakhale limodzi, nyumba yonse ikuwe. Mpira woima ndiwo woyambira. Woyenda umafuna kuti maso ndi phazi zigwirizane, ndipo zimenezo zimabwera pambuyo. Akazolowera, bwezani mabotolowo phazi limodzi m'mbuyo.

Ena ndi a golo la miyendo: bambo atangadze miyendo, mwana alowetse mpira pakati, kenako azungulire kukautenga. Akafika zaka zitatu, yesani a minibasi. Iye ndi dalaivala, mpira ndi galimoto, inu kondakitala. Mukati "tiyeni!" akankhe mpira pang'onopang'ono, mukati "wotsika!" auponde pamwamba ndi phazi kuti uime. Osadziwa, akuphunzira kuyendetsa ndi kuimitsa mpira. Muzimuikira mpira mbali zonse, lero kumanja, mawa kumanzere, kuti mapazi onse azigwira ntchito.

Mphindi zisanu zimene mukudandaulazo n'zokwanira. Kuli bwino kusewera kawiri kapena katatu patsiku mwachidule kusiyana n'kumukakamiza theka la ola. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi azitakataka mphindi 180 patsiku, koma m'menemo mukuwerengedwa kuthamanga, kukwera, kuvina, ngakhale kuthamangitsa nkhuku kuja. Lekani akadali kuseka, asanatope, kuti mawa adzaufune yekha.

Kulirako nthawi zambiri gwero lake ndi akuluakulu. Bambo akayamba kumunjanja mwana kapena kugwira mipira yonse pagolo, kwa mwanayo ndiye kuti amulanda chidole chake. Bambo akhale goloboyi wobooka, wogwa mbali yolakwika mochititsa kaso. Ngati pali achimwene kapena achemwali ake, aliyense akhale ndi mpira wake, popeza kupatsirana mpira ana amakumvetsa akafika zaka zisanu kapena kuposerapo.

Chimodzi chokha choletseratu ndi kumenya mpira ndi mutu. Khosi la mwana silinalimbe, ndipo ku America bungwe loyendetsa mpira linaletsa mahedi kwa ana a zaka 10 kutsika m'munsi kuyambira 2015.

Achibale ena adzanena kuti mpira si wa ana aakazi. Akumbutseni za Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi. Temwa anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, akusewerera Kansas City Current.