Chifukwa chiyani kumanganso kumachedwa namondwe akadutsa?

Mayi wina wa ku Phalombe wandilembera imelo. Akuti mayiko ndi mabungwe akunja anabwera ochuluka Namondwe Freddy atawononga mu Malichi 2023, nanga bwanji milatho, masukulu ndi nyumba zikumangidwa mochedwa chonchi?

Mayi, funso lanu landikhudza, ndipo ndiyankha mmene ndikuionera nkhaniyi. Masiku oyamba a ngozi, mabungwe a United Nations amagawana ntchito: WFP pa chakudya, UNICEF pa madzi ndi ukhondo, WHO pa zaumoyo, a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, akutsogolera. Dongosolo limeneli limathandiza kuti ufa ndi matenti zifike msanga m'makampu. Koma ndalama za matenti sizimanga mlatho. Kafukufuku wa zowonongeka anapeza kuti kukonzanso zimene Freddy anagumula kukufunika madola pafupifupi 680 miliyoni, ndipo ndalama zotere zimabwera pang'onopang'ono, wopereka aliyense ndi malamulo ake komanso madera amene wasankha. Anzathu a ku Mozambique anaziona: anamondwe Idai ndi Kenneth atadutsa mu 2019 pankafunika madola 3.2 biliyoni, koma pa msonkhano wa opereka thandizo wa ku Beira malonjezo anangofika 1.2 biliyoni.

Chimene chimandiwawa kwambiri si kuchepa kwa ndalamazo, koma kusowa kwa mwini ntchito. Ku Aceh, m'dziko la Indonesia, madzi a tsunami (mafunde aakulu a panyanja oyamba ndi chivomezi) atasesa mu Disembala 2004, boma linakhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira ntchito yomanganso, lotchedwa BRR, lotsogozedwa ndi Kuntoro Mangkusubroto. Aliyense wofuna kumanga ankayenera kukalembetsa kumeneko kuti pasakhale mudzi wolandira kawiri wina ukugona panja. Pofika 2009, pamene bungweli linkatsekedwa, nyumba pafupifupi 140,000 zinali zitamangidwa. Ku Haiti, chivomezi cha 2010 chitachitika, thandizo lochuluka linalambalala boma n'kudzera m'mabungwe akunja, ndipo anthu ambiri anakhala m'matenti zaka zingapo.

Kwathu kuno lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi linadutsa mu 2023, m'malo mwa la 1991. Ndikufunitsitsa kuti libale ofesi yokhala ndi mphamvu zouza ngakhale wopereka wamkulu kuti uku kwakwana, pitani uko.

Pakadali pano, mayi, tenganani ndi amfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, mupite ku khonsolo. Kafunseni kuti mlatho wa kwanuko anaupereka kwa bungwe liti, ndalama zake ndi zingati, ndipo ntchito iyamba mwezi uti. Akakuyankhani, mundilembere.