Andisankha kutsogolera kalabu yothandiza ovutika, koma bambo akuti ndisiye

Aphungu, ndine mtsikana wa Fomu 3 pasekondale ina yoyendera. Anzanga andisankha kukhala wapampando wa kalabu yothandiza ana ovutika. Aphunzitsi athu akuti tiyambe tawerenga za anthu a nyengo ya Enlightenment, koma sindikuona kuti Azungu akalekale akugwirizana bwanji ndi mwana wosowa yunifolomu. Bambo anga nawo akuti zonsezi zindilepheretsa MSCE. Ndimvere ndani?

Mwanawe, aphunzitsi akowo sakukutayitsa nthawi. Enlightenment ndi nyengo ya zaka za m'ma 1700 pamene anthu ophunzira ku Ulaya anayamba kukana kuvomera chinthu chifukwa choti mfumu kapena wansembe wanena. Immanuel Kant, katswiri wa maganizo wa Chijeremani wa mumzinda wa Königsberg, analemba mu 1784 kuti munthu alimbe mtima kugwiritsa ntchito nzeru zake. Maganizo amenewa atafika pa umphawi, funso linasintha. Kale ankangoti wosauka apatsidwe kangachepe. Tsopano anayamba kufunsa kuti wasaukiranji, nanga chingasinthidwe n'chiyani.

Pa onsewo, amene angakuthandize kwambiri ndi Benjamin Franklin. Mu 1727, ali ndi zaka 21 ndipo akugwira ntchito yosindikiza mabuku mumzinda wa Philadelphia ku America, anasonkhanitsa anzake ochepa, ambiri amisiri wamba, n'kuyambitsa gulu lotchedwa Junto. Ankakumana Lachisanu lililonse madzulo. Vuto limene linkawasautsa linali kudula kwa mabuku. Sanadikire munthu wachuma. Mu 1731 anthu 50 anasonkha mashiling'i 40 aliyense, n'kulonjeza kumawonjezera mashiling'i 10 pachaka, ndipo anatsegula laibulale yobwereketsa mabuku imene ilipo mpaka lero. Taona mmene anachitira: vuto limodzi, ndalama yodziwika, malamulo olembedwa.

Winanso ndi Johann Heinrich Pestalozzi wa ku Switzerland. Ameneyu mtima anali nawo wabwino zedi. Anatenga ana osauka kukakhala nawo pamunda wake wa Neuhof, akuyembekeza kuti ntchito yawo yopota ndi kuwomba nsalu idzalipira zonse. Masamu sanatheke, ngongole inakula, ndipo pofika 1780 sukuluyo inali itatsekedwa. Makalabu ambiri a ana asukulu amafa imfa yomweyi, teremu isanathe.

Ndiye yambani ndi kufunsa, monga Kant ankafunira. Musafulumire kusonkha sopo ndi zovala zakale. Pemphani aphunzitsi akuuzeni chimene chikujombetsa ana pasukulu panupo. Mwina ndi makope, mwina atsikana akusowa mapadi, mwina ndi njala ya mu Januwale ndi Febuluwale. Sankhani chimodzi. Ndipo ovutikawo akhale m'komiti, azilankhula nawo. Kuwaimika kutsogolo kwa asembule n'kumawajambula polandira mphatso ndi chipongwe chimene ine sindichikonda ngakhale pang'ono.

Za ndalama umvetsetse. Montesquieu wa ku France anaphunzitsa mu 1748 kuti mphamvu zisakhale m'manja mwa munthu mmodzi. Wapampando usagwire ndalama. Msungichuma asunge, mlembi alembe m'kope, aphunzitsi oyang'anira kalabu asayine, ndipo lipoti liziwerengedwa pamaso pa onse mwezi uliwonse. Anzako ena adzati ukudzimva. Walira mvula walira matope.

Powerenga anthu amenewa usawapembedze ayi. Franklin yemweyo anali ndi akapolo kwa zaka zambiri asanayambe kutsutsa ukapolo atakalamba, ndipo Kant analemba zonyoza anthu akuda. Kuthandizana sanatiphunzitse ndi iwo, agogo ako ankalimirana m'minda asanamvepo dzina la Kant. Tenga kwa iwo chizolowezi chofunsa ndi kulemba, zinazo uwatsutse.

Bambo ako nawo ali ndi mfundo. Kuti ulowe yunivesite ya boma pamafunika makirediti asanu ndi limodzi a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kupikisana kumakhala pa mapointi, osati pa udindo umene unali nawo kusukulu. Kalabu ipatse masana amodzi pa sabata, basi. Ukalowa Fomu 4 upereke mpando kwa wa Fomu 3 amene wamuphunzitsa kale ntchito. Uwauze bambo pulani imeneyi, ndipo uwalonjeze kuti malikisi akatsika teremu ino usiya wekha. Kope la ndalama lija uziwaonetsanso, makolo amakhulupirira zimene aona.

Ukaona kuti ntchitoyi yakulowa m'magazi, njira zilipo. Koleji ya Magomero ku Chiradzulu imaphunzitsa alangizi a chitukuko cha m'midzi, Catholic University of Malawi ili ndi maphunziro a Social Work, ndipo ku University of Malawi ku Zomba kuli dipatimenti ya Philosophy, kumene Kant ukakumane nayenso. Usanachoke pasukulupo, pempha aphunzitsi oyang'anira kalabu akulembere kalata yonena zimene unachita, yokhala ndi deti ndi chidindo cha sukulu.