Yankho la amalume pa nkhani ya anzake a mnyamata wathu

Eee achemwali, mwaswera bwanji kumeneko ku Chinamwali. Voisi yanu ija ndaimvera kawiri, koyamba ndinali mu minibasi kuchokera ku Songani ndiye ndi phokoso la kondakitala sindinamve kanthu, ndafika pano ndayambiranso. Ndati ndiyankhire pagulupu pomwe pano poti mwafunsira pomwepa, mwini wakeyo mulibemo muno, komanso tonse tili ndi ana nkhaniyi si ya khomo lanu lokha ayi. Kutaipa sindingathe, maso angawa mukuwadziwa, ndiye mupirire italika pang'ono.

Ngati ndamva bwino mukuti mnyamata wathuyu chilembereni mayeso a fomu 4 pakhomo sakhalanso, akangosamba ulendo kwa anyamata aja amakhala pa benchi pa shopu ya betingi cha ku depoti, kubwera usiku, kukwaya anasiya, ndiye mutamulankhula wakuyankhani kuti Yesu yemwe ankadya ndi ochimwa nanga inu mayi mukuweruza anthu bwanji. Ndiye mukufunsa kuti kodi Baibulo limatiuzadi kuti tiziwasala anthu osapemphera, kapena mwanayu ndi amene akunena zoona.

Ndiseke kaye pang'ono, Sande sukulu ija sinapite pachabe, mwanayu mavesi akuwadziwa. Ndipo sananame ayi. Pa Mateyu 9 Yesu anakhaladi pa chakudya ndi okhometsa msonkho ndi ochimwa ambirimbiri, Afarisi atang'ung'udza iye nkuwauza kuti amene amafuna sing'anga ndi odwala osati olimba. Ndiye pamenepo musamutsutse achemwali, mwana ukamutsutsa pa chinthu choona amatseka makutu ngakhale pa zinazo. Koma mumufunse chonchi, podzuka pa chakudya paja amene anali atasintha anali ndani? Zakeyu uja wa ku Yeriko, Luka 19, anaimirira yekha osakakamizidwa nkunena kuti theka la chuma changa ndipereka kwa osauka, ndipo amene ndinamudyera ndimubwezera kanayi. Yesu sanatuluke m'nyumba imeneyo atayamba kukhometsa nawo msonkho. Nanga mwanayu miyezi itatu imene wakhala akutenthetsa benchi ija, ndi angati amene wabwera nawo kutchalitchi, ndipo iyeyo wasiya zingati? Dokotala amalowadi mu wodi ya TB, koma amalowa atatseka pakamwa ndipo nthawi ikakwana amaweruka, sakagona nawo pabedipo.

Koma inunso ndikukonzeni pang'ono, musakwiye. Zoti tiwasale osapemphera Baibulo silinena. Paulo yemweyo pa 1 Akorinto 5 ananena momveka kuti sindikutanthauza anthu akunja ayi, chifukwa zikanatero mukanayenera kutuluka m'dziko lapansi. Mungasale bwanji anthu mu Zomba muno, wokugulitsani matemba a ku Chilwa mumsikamu mumayamba mwamufunsa kuti amapemphera kuti? Aneba anu aja achisilamu si ndi amene anakugonerani pa maliro a alamu masiku onse aja, anthu ena a mpingo atangobwera kudzaonekera tsiku loika? Amene Paulo anati musadye naye nkomwe ndi munthu wotchedwa m'bale, wa mumpingo momwemo, koma ali chidakwa, wachigololo, wolanda za eni. Anthu vesi limeneli amalidumpha chifukwa limaluma kwathu konkuno.

Ngakhale vesi lija timakonda kuwakalipira nalo ana, 1 Akorinto 15:33, lakuti musanyengedwe mayanjano oipa aipsa makhalidwe okoma, mukawerenge chaputala chonsecho mudzadabwa. Nkhani yake ndi ya kuuka kwa akufa. Munali anthu mumpingo wa ku Korinto momwemo amene ankati kuuka kulibe, pa vesi 12 akuchita kunena kuti ena mwa inu, ndiye pa vesi 32 akuti ngati akufa saukitsidwa basi tidye timwe poti mawa tifa. Mwaona? Choopsa pa mnzako woipa si botolo lili m'manja mwakemo ayi, koma kaganizidwe kamene akukuthira m'mutu tsiku ndi tsiku, kakuti mawa kulibe, sukulu ilibe phindu taonani a madigiri akungoyendayenda m'tauni, ndalama ili pa kandege ka betingi kaja. Mwana akameza zimenezo mowa ndi chamba zimangobwera zokha pambuyo.

Dikirani pang'ono, iwe tatsitsa wailesiyo ndikujambula. Eya.

Nkhani imene imandiopsa ine kwambiri ili pa 2 Samueli 13, ya Amnoni mwana wa Davide. Mnyamata ameneyu anali ndi chilakolako choipa pa mlongo wake Tamara, koma Baibulo likuti ankaona kuti nkovuta kumuchita kanthu, anangodwala nazo mumtima mpaka kuwonda. Ndiye kenako pakubwera mawu akuti koma Amnoni anali ndi bwenzi lake. Dzina lake Yonadabu, munthu wochenjera kwambiri. Ndipo Yonadabu ameneyu sanali mfana wa ku depoti ayi, anali mwana wa Simea mkulu wake wa Davide, kwathu kuno tikanati achimwene ake enieni, mwana wa bambo aakulu, wodyera naye mbale imodzi, woti akalowa pageti palibe galu amene angauwe. Ndi amene anamupatsa pulani yonse, gona pabedi unamizire kudwala, bambo ako akabwera kudzakuona uwapemphe kuti Tamara adzakuphikire. Zinachitikadi, mtsikana anaonongeka, patapita zaka 2 Abisalomu anamupha Amnoni pa phwando lometa nkhosa. Ndiye chimene chimandiwawa ndi ichi, uthenga utafika kwa Davide kuti ana ako onse aphedwa, amene anaima pamenepo wosakhudzidwa nkumati ayi mfumu musadandaule wafa ndi Amnoni yekha, anali Yonadabu yemweyo. Wopereka nzeru uja ali bwinobwino, wovala bwino, akufotokoza za maliro ako. Tchimo linali mumtima mwa Amnoni kale inde, mnzakeyo sanaliikemo, anangoliphunzitsa njira yotulukira. Nchifukwa chake ine sindikufuna kuti tizingoti anamuononga ndi anzake ngati mwana wathuyu ndi mngelo, pali chimene chikumukokera kumeneko ndipo tiyenera kuchipeza. Mwina amayi a anyamata enawo nawonso akudandaula kwawo kuti mwana wa ku Chinamwali uja akuwaonongera ana.

Ine pano ndine mkulu wa mpingo koma inu achemwali mbiri yanga mukuidziwa, ana a pagulupu pano ndi amene sakuidziwa, ndiye lero aimve. Nthawi imene ndinkagwira ntchito m'boma muja, Nyumba ya Malamulo isanasamukire ku Lilongwe tauni ino ikadali ndi ndalama, ndinali ndi anzanga atatu a mu ofesi. Ine sindinkamwa, ndinali wa kwaya ngati mwanayu. Tikaweruka iwo ankakhotera pa botolo sitolo ina cha kumsika, ine ndinkangowaperekeza mpaka pakhomo nkumapitirira. Kenako ndinayamba kuima pang'ono, amandigulira Fanta, ndimwe choimirira ndizipita. Sipanathe chaka ndinali ndi mpando wangawanga pakona, woti wina akakhalapo ankamudzutsa kuti eni ake abwera. Tsiku limene ndinalawa koyamba sindilikumbukira nkomwe, panalibe tsiku loti apa ndiye ndagwa. Ndiye nditadzawerenga Salimo 1 patapita zaka ndinachita kuzizidwa, akuti wodala munthu wosayenda mu uphungu wa oipa, wosaimirira m'njira ya ochimwa, wosakhala pansi pabwalo la onyoza. Kuyenda, kuima, kukhala pansi. Ndendende mmene ndinachitira ine, ngati wolembayo ankanditsatira kuchokera ku ofesi.

Mapeto ake munawaona. Malipiro ankathera kwa akatapila asanafike kunyumba, alamu anu anatenga ana nkubwerera kwawo ku Jali miyezi iwiri, mayi athu malemu anayenda wapansi kudzandilirira pakhonde, nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Kumpingo anandiimitsa mgonero. Ndipo nditadwala nkugonekedwa sabata zitatu, mwa anzanga atatu aja anabwera mmodzi kamodzi, ndipo anabwera kudzakumbutsa ngongole. Amene ankabwera ndi phala m'mawa uliwonse anali mdala wina wa kumlaga kwathu amene ndinkamuthawa ndikamuona panjira. Mdala ameneyo sanandilalikire ngakhale tsiku limodzi, nditachira anangoyamba kunditenga Loweruka lililonse kukathirira kudimba kwake m'mbali mwa Likangala, tikamaweruka dzuwa lalowa ndatopa, mphamvu zopitira kumsika kulibe. Anandilanda nthawi basi. Anzanga aja sindinakangane nawo, tinkapatsana moni bwinobwino mpaka awiri anatisiya, koma mpando uja anakhalapo wina.

Ndiye musaganize kuti ndi matenda a ana okha. Rehobowamu analowa ufumu ali ndi zaka 41, bambo wamkulu ndithu, anthu atamupempha kuti atipeputsireko goli anapempha masiku 3, madoda amene ankalangiza Solomo anamuuza zabwino, iye nkukafunsanso anzake amene anakula nawo, iwo nkumuuza kuti kawauze bambo anga ankakukwapulani ndi zikoti ine ndikukwapulani ndi zinkhanira. Mafuko 10 anachoka tsiku limenelo, 1 Mafumu 12. Ndiye ifenso akuluakulu tizidziyang'ana, magulupu ena tili nawo m'mafonimu ndi bwalo la onyoza lenileni, ndipo miseche ina imaphikidwa pobwerera ku Mvano yunifomu ili m'thupi, pepani amayi a pagulupu koma ndanena. Mwana amaona zimenezo, ndiye ukamamuuza za anzake oipa mumtima amangoseka.

Tsono chochita. Choyamba zomutsekera panja usiku zija musiye, ndamva kuti Lachiwiri anagona kwa mnzake chifukwa munakhoma chitseko, pamenepo mwamupereka nokha m'manja mwawo. Zokamukalipira pa benchi pomwepo anzake akuona musayerekeze, mnyamata wa zaka 18 ukamuchititsa manyazi pagulu amasankha gululo. Ine ndikanakonda muwaitane anyamatawo abwere kunyumba, muwaphikire nsima, muwaone nkhope, mudziwe kuti ndi ana a yani. Mudzapeza kuti mwa asanuwo mwina atatu ndi ana osowa chochita ngati wathu yemweyu, oti akhoza kukokedwa, ndiye pali mmodzi kapena awiri amene ndi eni pulani, aja amakhala ndi ndalama koma geni yake yosaoneka. Ameneyo sadzabwera nkomwe kudzadya, kapena akabwera adzakhala waulemu kuposa onse, chikomekome cha mkuyu. Ameneyo ndi amene timuuze mwana wathu kuti amutalikire, osati kumuuza kuti siya anzako onse, munthu sangakhale wopanda anzake.

Komanso ndalama ija mukuti inasowa m'chikwama, ija ya banki mkhonde, musaikwirire. Mumufunse maso ndi maso muli awiri, modekha, ndipo ngati anaitenga aibweze ndi thukuta lake. Miyambo 1 imati mwananga akakukopa ochimwa usalole, ndipo mukawerenga kutsikira m'munsi mawu amene amakopera ndi akuti tonse tidzakhala ndi thumba limodzi. Betingi imayamba choncho, tisonkhe tiike limodzi tikawina tigawana, ndipo wosonkha amakhala amene kwawo kuli chikwama cha mayi. Ndende yaikulu ija timaidutsa tsiku lililonse tikamapita ku chipatala, muli ana a anthu opemphera ambiri amene mlandu wawo unali kungoperekeza.

Kupemphera pempherani ndithu, ndipo muzimutchula dzina iye akumva pa mapemphero a madzulo, koma osati pemphero lomunyoza lija lakuti Ambuye muonereni mwana wosamverayu, limenelo ndi kukalipa kovala jekete. Ndipo kukwaya musamukakamize kaye, mufufuze chimene anachokera, ana ambiri amathawa kutchalitchi chifukwa wina anawalankhula mawu opweteka konko ndipo ku benchi anawalandira bwino.

Ine mbali yanga monga malume wake ndiichita. Ndili ndi matumba a simenti akufunika kunyamula ndiponso khola la nkhumba lija ndikufuna kuliwonjezera, ndimulemba ganyu ya malipiro enieni mpaka zotsatira za MSCE zituluke, ndipo ngati ali ndi mnzake mmodzi amene amamukhulupirira abwere naye ndiwalipira onse. Musamuuze kuti amalume akufuna akulangize, athawa, mungoti amalume ako akufuna anyamata a mphamvu. Zolankhulazo zidzabwera zokha tikamaponda dothi, mbiri yanga ya mpando ija ndidzamuuza ndekha.

Loweruka ndifika cha m'ma 9 ndikachoka ku maliro a kumlaga, mundisungire nkhwani wotendera. Foni yayamba kulira batire, magetsi anazima kuyambira m'mawa kuno.