Mpando ndi magalasi zidikire, yambani mwakweza laputopuyo

Achemwali, mwatchula mavuto atatu: khosi ndi mapewa zimayamba kuwawa dzuwa likamafika pamutu, maso amawotcha madzulo, ndipo usiku zala za dzanja lamanja zimachita dzanzi mpaka mumadzuka n'kumalikutumula. Mwati mumataipa ntchito za ophunzira a ku yunivesite ya Chanco pa laputopu m'kashopu kanu ku Chikanda, ku Zomba, mumakhalira mpando wapulasitiki, ndipo mukufunsa ngati ndalama ipite ku mpando wa muofesi wamatayala uja kapena ku magalasi a blue light (otchinga kuwala kwa buluu kochokera pasikirini) amene ena akukulimbikitsani muno. Ife tikuti zonsezo zidikire. Ndalama yoyamba ipite ku kiyibodi ndi mausi zapadera, zolumikiza pa USB, ngakhale zakale bola mabatani ake asakhale olimba. Nkhani ya dzanzi tifikako, ndipo ndi imene simuyenera kuizengereza.

Laputopu vuto lake n'lakuti sikirini ndi kiyibodi n'zomatana. Mukaiika poti manja afike bwino, sikirini imakhala pansi ndipo mutu umawerama. Mukaikweza kuti ilingane ndi maso, manja amakwera, mapewa n'kukafika kumakutu. Palibe mpando, kaya udule bwanji, umene ungathetse zimenezi. Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5. Aliyense amene anasenzapo ndowa ya madzi akudziwa kuti ikakhala molunjika ndi msana munthu amayenda nayo mtunda, koma ikangopendekera kutsogolo khosi limamva pomwepo. Minofu ya kumbuyo kwa khosi ndi pamwamba pa mapewa ndi imene imagwirira mutu wowerama kuti usagwe, ndipo ikagwira chonchi maola asanu ndi atatu osapuma imauma, n'kuyamba kukoka mpaka kunkhongo. Mutu umene umayambira kunkhongo n'kuzungulira pamphumi madzulo nthawi zambiri gwero lake ndi limeneli.

Pokonza malo anu musayambire sikirini. Yambirani chigongono. Khalani pampando, mapazi onse pansi, mapewa muwagwetse, mikono itsike m'mbali mwa thupi, kenaka pindani chigongono kuti mkono ulunjike kutsogolo. Wina atenge tepi ya telala ayeze kuchokera pansi kufika kunsi kwa chigongonocho. Pamwamba pa kiyibodi payenera kukhala pa muyezo umenewo kapena kutsikirako sentimita imodzi kapena awiri. Matebulo ambiri amene akalipentala amakhoma amakhala a masentimita 72 mpaka 76, ndipo kwa munthu wamtali masentimita 160 tebulo lotero limatalika ndi masentimita pafupifupi 10. N'chifukwa chake mumataipa mapewa ali m'mwamba osazindikira.

Njira zilipo ziwiri. Mutha kudula miyendo ya tebulo, kapena kukweza pokhalira. Musanadule, suzumirani kunsi: ngati tebulo lili ndi dirowa pakati kapena thabwa lalikulu lopingasa kutsogolo, likatsika lidzakanikiza ntchafu ndipo mudzalephera kulowetsa miyendo. Zikatero ndi bwino kalipentala achotse kaye thabwalo. Mukasankha kukweza pokhalira, pindani bulangete kangapo kuti likhale lolimba. Khushoni ya siponji yofewa imaphwa pakangotha mphindi zochepa ndipo mumabwerera pomwe munali. Mukakwera, mapazi amalendewera, ndiye mphepete mwa mpando mumayamba kukanikiza kunsi kwa ntchafu, miyendo n'kumatupa kapena kuchita dzanzi. Ikani poponda: thabwa pamwamba pa njerwa ziwiri zogoneka likukwana, bola mapazi onse akhale bwinobwino ndipo mawondo alingane ndi chiuno kapena atsikepo pang'ono.

Mpando wapulasitiki uja, kunena zoona, anaupangira pamsonkhano ndi pamaliro osati potaipa. Pokhalira pake ndi popendekera kumbuyo, chiuno chimatsetserekera kutsogolo ndipo msana umapindika. Mikono yake imagunda tebulo, ndiye simungayandikire, mumatambasula manja tsiku lonse. Mpando wathabwa wopanda mikono, wamsana wowongoka, ngati wa patebulo lodyera, umaposa pamenepo. Khalani mpaka matako agunde kumsana kwa mpando. Kulungani thaulo kapena chitenje chikhale chonenepa masentimita 8 mpaka 10, muchimangirire ndi chingwe kumpando pamalo pamene pamadutsa lamba, osati pakati pa msana. Pakati pa mphepete mwa mpando ndi kuseri kwa bondo pazitsala mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Mukadzapeza ndalama ya mpando wamatayala, makamaka wogwiritsidwapo kale ntchito, mudzaukhalire mphindi khumi musanalipire, chifukwa ambiri pampu yake inatha ndipo amatsika okha pang'onopang'ono. Mudzaonenso kuti uli ndi miyendo isanu, ndipo mikono yake imatsika kapena kuchotsedwa.

Tsopano sikirini. Kiyibodi yapadera ikakhala pamalo pake, laputopu yamasuka. Ikwezeni mpaka mzere wapamwamba wa sikirini ulingane ndi maso mutakhala mowongoka. Phukusi limodzi la mapepala a A4 okwana 500 limakhala lonenepa masentimita pafupifupi 5, ndiye atatu kapena anayi nthawi zambiri amakwana, ndipo m'shopu yanu alimo kale. Musayale nsalu pamwamba pa maphukusiwo, mungatseke timabowo totulutsira mpweya laputopu n'kumatentha. Mtunda ukhale masentimita 50 mpaka 70, kutanthauza kuti mukatambasula mkono nsonga za zala zikhudze galasi. Zilembo zikachepa musasendeze mutu, kulitsani tsambalo lifike pa 130 kapena 150 peresenti.

Pali china chimene otaipa ambiri saganizira. Mapepala olemba pamanja amene wophunzira wabweretsa amagonekedwa patebulo kumanzere, ndiye khosi limakhala lopotokera mbali imodzi n'kuweramanso, kambirimbiri pa ola. Ngati mbali imodzi ya khosi ndi imene imawawa kwambiri, yang'anani kumene mumaika mapepala. Apanikizeni pa clipboard (kabolodi kopanirapo mapepala), muitsamiritse pa maphukusi aja pakati pa kiyibodi ndi sikirini, kapena muiimike pambali penipeni pa sikirini, kuti aziyenda ndi maso osati mutu.

Za maso, chachikulu n'chakuti munthu akamayang'anitsitsa sikirini amaphethira mochepa kwambiri, mwina theka chabe la momwe amaphethirira akamacheza, ndiye misozi imene imanyowetsa diso imauma. Kuwotcha kuja n'kumeneko. Magalasi a blue light sathetsa zimenezi, ndipo akatswiri a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, ataunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2023 sanapeze umboni woti amachepetsa kutopa kwa maso. Chothandiza n'chaulere: pakatha mphindi 20 zilizonse, yang'anani chinthu chimene chili mamita 6 kapena kupitirira kwa masekondi 20, n'kuphethira mwadala kangapo. Kuno ku Zomba sitisowa choyang'ana, phiri lilipo. Zenera likhale m'mbali mwanu, osati kumbuyo kwanu kapena kuseri kwa sikirini. Zimitsani laputopu muyang'ane pagalasi lake: mukaona zenera kapena babu zikuonekeramo, tembenuzani tebulo kapena kokani katani. Kuwala kwa sikirini kuzilingana ndi pepala loyera limene mwaliimika pambali pake. Magetsi akazima musataipe mumdima sikirini ili ngwee, tsitsani kuwala kwake ndipo muyatse nyale ya sola iwalitse khoma la kuseri. Mu Okutobala fani isawombe kumaso, imaumitsa maso msanga.

Ngati mwadutsa zaka 40 ndipo foni mwayamba kuitalikitsa powerenga, pamenepo magalasi angafunikedi, koma a mphamvu yoyezedwa. Kayezetseni maso, ndipo muwauze mtunda wa sikirini yanu, chifukwa magalasi owerengera ogula pamsika amaonetsa bwino pafupi, cha pa masentimita 35 mpaka 40, ndipo amakukokerani mutu kusikirini. Musagule mankhwala odontheza m'maso okhala ndi dexamethasone popanda dokotala. Amachotsa kufiira msanga, koma kuwagwiritsa ntchito nthawi yaitali kumatha kukweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuwononga kuona.

Tibwere ku dzanzi. Usiku ukadzuka nalo, onetsetsani kuti ndi zala ziti. Ngati ndi chala chachikulu, cholozera, chapakati ndi theka la chala cha mphete, koma chaching'ono chili bwinobwino, zikuloza ku carpal tunnel syndrome. Pamfundo ya dzanja, pomwe pamakhala wotchi, pali kanjira kopapatiza komwe mumadutsa mitsempha isanu ndi inayi yokokera zala pamodzi ndi mtsempha umodzi umene umapereka kumva ku zala zimenezo. Dzanja likapindika, kaya m'mwamba kaya pansi, mpata umachepa ndipo mtsempha womvera uja umapanikizika. Usiku zimakula chifukwa ambiri timagona titapinda manja. Ngati dzanzi lili pa chala chaching'ono ndi cha mphete, wopanikizika ndi mtsempha wina umene umadutsa kuseri kwa chigongono, ndipo nthawi zambiri chochititsa ndi kutsamira chigongono patebulo kapena pamkono wa mpando. Likamayambira m'khosi n'kutsika ndi mkono wonse, makamaka mukatembenuza mutu, vuto lingakhale m'khosi momwemo.

Potaipa, dzanja ndi mkono zikhale mzere umodzi. Timiyendo ta kuseri kwa kiyibodi tipindeni, chifukwa tikaimikidwa dzanja limapindikira m'mwamba. Mfundo ya dzanja isakhale pamphepete pakuthwa pa tebulo. Kankhirani kiyibodi mkati masentimita 10 mpaka 15. Mausi ikhale moyandikana ndi kiyibodi, muigwire mosafinya, ndipo pomwe mungathe gwiritsani ntchito mabatani monga Ctrl+S, Ctrl+C ndi Ctrl+V m'malo moithamangira. Mu Juni ndi Julayi zala zikazizira munthu amamenya mabatani mwamphamvu osadziwa, ndiye zitenthetseni kaye musanayambe. Usiku chimathandiza ndi splint, chomangira chimene chimagwira dzanja kuti lisapindike, chovala pogona kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Bandeji yokulunga mothina si m'malo mwake, imangowonjezera kupanikiza.

Komabe musangoti ndi kompyuta basi. Matenda a shuga, mimba, ndi vuto la chithokomiro zimabweretsanso dzanzi lotere, choncho kayezetseni shuga. Yambirani pachipatala chaching'ono ngati cha Matawale, akaona kufunika akutumizani ku Zomba Central Hospital komwe kuli a physiotherapy, akatswiri ochiza ndi mafizo. Musadikire ngati dzanzi silikuchokanso masana, ngati makapu akupulumuka m'manja, mabatani a bulauzi akukanika kumanga, kapena mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu wayamba kuphwa poyerekeza ndi dzanja linalo. Pamenepo mtsempha wayamba kuwonongeka, ndipo ukakhalitsa chonchi sumabwereramo wonse ngakhale atachita opareshoni. Chimodzimodzi msana: ukamawawa usiku ngakhale mutagona, pamodzi ndi kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena kuwonda, si za mpando zimenezo, TB imagwiranso mafupa a msana. Dzanzi la pakati pa miyendo, miyendo kufooka, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Ena muno alemba kuti muzingomwa Brufen kapena Indocid. Kwa masiku awiri atatu, mutadya, mwina. Koma kumwa tsiku ndi tsiku kuti mumalize ntchito ya anthu kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, ndipo chiopsezo chimakula kwa amene ali ndi BP, shuga, kapena akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir. Oyembekezera asamwe popanda kufunsa achipatala. Ndiponso dzanzi lenilenilo mankhwalawa salichotsa.

Ngakhale mutakonza zonsezi, thupi silifuna kukhala malo amodzi. Pakatha mphindi 30 mpaka 45 dzukani kwa mphindi ziwiri. Njira yosavuta ndi kuika printa patali poti simungafike mutakhala, ndi kuyankha foni mutaimirira, osaipanikiza pakati pa khutu ndi phewa uku mukutaipa. Mukaima, bwezani chibwano kumbuyo osaweramitsa mutu, gwirani masekondi 5, kakhumi. Kenaka kokerani mapewa kumbuyo ndi pansi, kakhuminso. Nyengo yoti ophunzira onse akufuna ntchito zawo mawa ndi imene anthu amasiya zimenezi, ndipo ndi nyengo yomweyo imene dzanja limafika poipa, ndiye pogwirizana tsiku lodzatenga ntchito muziwerengeramo nthawi yopuma.

Khosi ndi mapewa ziyenera kuyamba kupepuka pakatha milungu iwiri kapena itatu. Masiku oyamba msana ungadandaule pang'ono chifukwa sunazolowere kukhala mowongoka. Kwa amene akuwerenga muno koma ndi olembedwa ntchito m'maofesi, lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka udindo kwa olemba ntchito woonetsetsa kuti malo a ntchito sakuwononga thanzi la antchito, choncho pempho la kiyibodi, poponda kapena mpando wabwino lilembeni pa pepala, musunge kope lake pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Inu achemwali, mukayeza mutitumizire manambala atatu: kutalika kwa tebulo, kwa pokhalira, ndi kwa chigongono mutakhala, tikuuzeni ngati pafunika sowo kapena bulangete.